Kuyambira 1885 akupalasira kumene ena akuthawa

Madzulo a pa 23 Novembala 1883, sitima ziwiri za kampani imodzi, Rhône ndi Cygne, zinagundana pakati pa nyanja ya Léman, imene ambiri timaidziwa kuti nyanja ya Geneva. Nyengo inali yoipa, mdima unali utagwa kale, ndipo sitimazo zinali pa njira ya pakati pa doko la Ouchy ku Switzerland ndi tawuni ya Évian ku France. Cygne inaboola Rhône m'nthiti. Pa mphindi zochepa chabe Rhône inamira, n'kupita ndi anthu oposa khumi. Inakakhala pansi pa nyanja, mamita pafupifupi 300, mpaka mu 1984 pamene ofufuza anaipeza.

Zaka ziwiri zisanakwane, pa 6 Seputembala 1885, anthu a mbali zonse ziwiri za nyanjayo anasonkhana ku Thonon, tawuni ya kugombe la France, n'kukhazikitsa bungwe lopulumutsa anthu pamadzi. Amene anakoka chingwe anali Colonel William Huber wa ku Geneva. Bungwelo lilipo mpaka lero, dzina lake Société Internationale de Sauvetage du Léman, mwachidule SISL. Lili ndi nthambi zoposa 30 kuzungulira nyanja yonse ndi mamembala oposa 2,000, ndipo amene amakwera boti usiku foni ikalira salandira malipiro. Munthu wovuulidwa m'madzi naye salipiritsidwa chifukwa chopulumutsa moyo wake.

Ngozi yobala bungwe si chinthu chachilendo. Kulikonse anthu akafa ambiri tsiku limodzi, komiti imabadwa m'mawa mwake. Chimene chikundidabwitsa ine ndi kukhalitsa kwake. Bungweli ladutsa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, lachoka pa nkhafi kufika pa injini, laika m'manda mibadwo inayi kapena isanu ya mamembala ake, koma silinatseke. Ine ndikuti lakhalitsa chifukwa boti lililonse lili ndi eni ake m'mudzi momwemo, ndipo eniwo anapeza njira yosungira gulu lawo pa miyezi yambirimbiri imene palibe amene akumira. Amene amaganiza kuti ntchito yopulumutsa anthu panyanja imayamba ndi kugula boti lothamanga aiwerenge bwino mbiri iyi.

Léman ndi kanyanja tikaiyerekeza ndi yathu. Kutalika kwake ndi makilomita 73, kukula kwake masikweya kilomita 580, ndipo pamalo pozama kwambiri ndi mamita 310. Gawo lalikulu lili ku Switzerland, m'zigawo za Geneva, Vaud ndi Valais, lotsalalo lili ku France. Ukaima mumzinda wa Lausanne ku Switzerland usiku, magetsi a ku Évian umawaona tsidya linalo. Mlendo angaganize kuti nyanja yooneka malire chotere singaphe munthu. Eni ake saganiza choncho, n'chifukwa chake mphepo iliyonse anaipatsa dzina monga ife tinachitira ndi mwera ndi mpoto. Pali bise, yozizira yochokera kumpoto chakum'mawa, imene imatha kuwomba masiku angapo osapuma. Pali joran, yogwa mwadzidzidzi kuchokera m'mapiri a Jura, makamaka madzulo. Pali vaudaire yotuluka m'chigwa cha mtsinje wa Rhône, ndiponso bornan yotsika m'mapiri a kummwera nthawi ya mabingu. Mapiri amabisa mitambo, moti woyendetsa boti amadzazindikira namondwe atamufika kale. Kuwonjezera apo, m'nyengo yozizira madzi ake amatsika kufika madigiri 6 kapena 7. M'madzi otero ngakhale katswiri wosambira manja amamuuma pa mphindi zochepa, chingwe chimene amuponyera n'kukanika kuchigwira.

Tsono anakwera maboti oyambawo anali ndani? Ambiri anali asodzi ndi amalinyero a ngalawa zamatanga zimene zinkanyamula miyala kuchokera kumigodi ya ku Meillerie kupita nayo ku Geneva ndi Lausanne, kumene matauni ankakula. Switzerland ya mabanki ndi mawotchi imene timaiona pa TV isatipusitse. Woswa miyala wa ku Meillerie kapena msodzi wa kugombe la Savoie, mbali ya France, mu 1885 anali munthu wodya za tsikulo. Maboti awo opulumutsira anthu anali amatabwa, opalasa ndi manja, amuna 6, 8 kapena 10 pa nkhafi, mmodzi pa chiwongolero. Huber ndi anzake olemera anabweretsa malamulo olembedwa, ndalama zoyambira ndi mayina otsegula zitseko za maofesi. Asodzi anabweretsa mikono ndi nzeru zodziwa kumene mphepo ikankhire munthu wogwera m'madzi. Mbali imodzi payokha sikanatha kanthu. Koma taonani kumene mphamvu zinaikidwa: nthambi iliyonse ili ndi komiti yake, thumba lake, nyumba yake yosungiramo boti, ndi boti lake. Likulu limagwirizanitsa, limaona za maphunziro ndi malamulo, koma kiyi wa nyumba ya boti ali m'thumba la munthu wogona pafupi ndi doko.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa ngozi ya pamadzi, boti labwino kwambiri lomwe lili makilomita 40 kutali limafika kudzatola mitembo. Amene anayambitsa SISL anamvetsa zimenezi kale injini zisanafale, pamene liwiro la boti linali mphamvu za mikono, ndipo anasankha kumwaza masiteshoni ang'onoang'ono ambiri m'malo momanga imodzi yaikulu yokongola. Gombe lonse la Léman ndi makilomita pafupifupi 200. Mukagawa mtundawo ndi nthambi zoposa 30, mupeza kuti pa makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi alionse pali gulu lokonzeka. Lero ali ndi maboti a injini zamphamvu ndi mawailesi, koma mapu a masiteshoni akutsatabe nzeru ya nthawi ya nkhafi.

Pali mbali ina ya chiyambi chake imene sikambidwa kawirikawiri, pomwe kwa ine ndi yofunika kuposa mendulo zonse. Bungweli pachiyambi linalinso lothandizana pa matenda. Membala ankasonkha kangachepe, ndipo akadwala thumba linkamuthandiza. Nthawi imeneyo kunalibe inshulansi ya boma yoti msodzi n'kudalira. Choncho munthu wolowa gulu la opulumutsa sankangopereka thukuta lake, nayenso ankapezapo pogwira. Oyambitsawo sanadalire mtima wabwino wokha. Anadziwa kuti bambo wa ana asanu amene mukumupempha kulowa m'mafunde usiku amayamba wadzifunsa kuti, ndikadwala chibayo mawa, ana adya chiyani? Anamuyankha funsolo asanalifunse. Mabungwe ambiri a masiku ano amene amafuna anthu odzipereka amayamba ndi tisheti ndi chipewa, funso lija n'kulisiya lili chiimire.

Ndiye pali chikondwerero. Chaka chilichonse m'chilimwe, nthambi imodzi imalandira zinzake zonse pa chikondwerero cha opulumutsa. Maboti akale amatabwa aja, amene sapitanso kukapulumutsa munthu, amatulutsidwa atapakidwa utoto, ndipo midzi imapikisana kupalasa. Pamakhala mpikisano wodumphira pansi pa madzi kukavuula chidole cholemera ngati munthu, ndi wina wa chithandizo choyamba. Nthambi zambiri zimachitanso zikondwerero zawozawo, kugulitsa nsomba zokazinga ndi zakumwa, ndalama n'kulowa m'thumba la gulu. Wowerengera ndalama wouma mtima anganene kuti uku n'kuwononga: kusamaliranji boti lamatabwa losagwira ntchito pomwe pali la injini? Ine ndikuti boti lamatabwalo likugwira ntchito yaikulu kuposa mmene likuonekera. Siteshoni yopulumutsa anthu ili ndi mdani woopsa kuposa namondwe, ndiye kusowa chochita. Pamatha milungu popanda kuitanidwa, anthu n'kuyamba kujomba, batire n'kutha mphamvu, wina n'kubwereka mafuta. Gulu limene likukonzekera mpikisano limakumana mlungu uliwonse. Mnyamata kapena mtsikana amalowa chifukwa akufuna kugonjetsa mudzi woyandikana nawo, ndipo pakutha pa zaka zingapo amapezeka akudziwa kumanga mfundo, kuyankhula pa wailesi ndi kutsitsimutsa munthu womira. Tsiku la ngozi, anthu a m'botimo amadziwana kale kapumidwe.

Pa masiteshoni onse, ya ku Saint-Gingolph ndiyo imandikoka mtima. Mudziwu uli kum'mawa kwa gombe la kummwera, ndipo kamtsinje ka Morge kamaudula pakati: tsidya lino Switzerland, tsidya lija France. Malirewo ndi a mu 1569. Komabe parishi ndi imodzi, tchalitchi ndi manda zili mbali ya France, moti wa ku Switzerland akamwalira maliro ake amawoloka malire. Nthambi ya opulumutsa nayonso ndi imodzi, ya mayiko onse awiri. Pa 23 Julaye 1944 asilikali a Germany anatentha mbali ya France ya mudziwu n'kupha anthu angapo, ndipo ambiri anathawira kwa abale awo tsidya la Switzerland. Anthu amene anaona zotero sangauzidwe ndi munthu kuti mzere wa pa mapu ndi wofunika kuposa mnansi. Ndipo kumbukirani kuti pamene bungweli linkabadwa mu 1885, dera la Savoie linali litangokhala zaka 25 lili m'manja mwa France. Nkhani za malire zinali zisanazizire, koma msonkhano woyamba anauchitira ku France, wotsogolera ali wa ku Switzerland.

Tsopano ndimve mbali ya otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Amati kutamanda anthu odzipereka n'kupatsa boma pothawira. Nzika imakhoma msonkho, ndiye bwanji moyo wake ukakhala pachiswe tidalire kalipentala ndi mphunzitsi amene asiya chakudya patebulo? Mbiri ya Léman yomweyo imawapatsa umboni. Pa 9 Julaye 1892, bungwe lili ndi zaka 7, thanki ya nthunzi ya sitima ya Mont-Blanc inaphulika padoko la Ouchy n'kupha anthu 26. Palibe wopalasa akanaletsa zimenezo, inali nkhani ya kuyendera ndi kukonza makina. Pa 18 Ogasiti 1969, boti lonyamula alendo lotchedwa La Fraidieu linamira pafupi ndi Thonon, tawuni yomwe bungwe linabadwira, ndipo gombe linali poonekera. Anafa anthu 24, mwa iwo atsikana 16 a kunyumba ya ana amasiye ochokera dera la Metz ku France amene anabwera kutchuthi. Chaka chotsatira boti lina, Sainte-Odile, linagubuduzika ku Yvoire, anthu 7 n'kufa. Ngozi ziwiri zomalizazi zinachitika pa nyanja imene inali ndi opulumutsa kwa zaka zoposa 80.

Mfundoyi ndikuivomera mpaka pamenepa: wopulumutsa amafika ngozi itachitika kale. Kuona kuti boti ndi lolimba, kuti silinadzaze mopyola muyezo, kuti muli majekete oyandamitsa okwanira, kuti woyendetsa ali ndi chiphaso, imeneyo ndi ntchito ya boma ndipo palibe gulu la m'mudzi lingaisenze. Ku Léman boma silinathawe. Apolisi a panyanja alipo mbali zonse ziwiri. Kuzungulira gombe kuli nyali zachikasu chofiirira zochenjeza za mphepo: zikamaphethira ka 40 pa mphindi ndiye kuti kukubwera mphepo yamphamvu, zikafika ka 90 ndiye namondwe, aliyense athamangire kudoko lapafupi. Zimayatsidwa potsatira chenjezo la akatswiri a zanyengo a boma. Makhonsolo ndi maboma a zigawo amathandizanso nthambi ndi ndalama. Koma pamene otsutsa amalakwitsa ndi poganiza kuti boma likanatha kulowa m'malo mwa anthu 2,000 aja. Kulemba ntchito magulu osinthana usana ndi usiku pa madoko oposa 30, kuti adikire ngozi imene mwina ibwera kamodzi pa mwezi, ngakhale Switzerland ndi chuma chake chonse sinayesepo. Boma likanati lichite lokha, likanamanga masiteshoni atatu kapena anayi m'matauni akuluakulu, midzi ya pakati n'kumadikira.

Umboni unaoneka pa 15 Juni 2019, tsiku la Bol d'Or, mpikisano waukulu wa maboti amatanga umene umayambira ku Geneva chaka ndi chaka. Maboti oposa 400 anali pamadzi pamene namondwe woopsa anagwa masana. Milongoti inathyoka, maboti ena anagubuduzika, anthu anagwera m'madzi malo ambiri nthawi imodzi, ndipo pafupifupi theka la opikisana linasiyira panjira. Mwa opikisanawo palibe anafa, ngakhale kuti tsiku lomwelo mayi wina mlendo anamira pafupi ndi Geneva boti limene anakwera litamira. Tsiku lotero limafuna maboti ambiri otuluka m'madoko ambiri nthawi imodzi, ndipo zimenezo zimatheka pokhapokha ngati mudzi uliwonse uli ndi lake.

N'zochititsa chidwi kuti mabungwe akuluakulu a kunyanja zamchere anachedwa kuona kuti nyanja za pakati pa mtunda nazonso zimapha. RNLI, bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la ku Britain ndi Ireland, inayamba mu 1824, koma siteshoni yake yoyamba ya pa nyanja ya kumtunda inatsegulidwa mu 2001 ku Enniskillen pa Lough Erne, patapita zaka 116 kuchokera pa msonkhano wa ku Thonon. Lough Derg inatsatira mu 2004, Loch Ness mu 2008, Lough Ree mu 2012. Abale athu a ku Joni mwina anaonapo maboti a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la ku South Africa, pa damu la Vaal kapena la Hartbeespoort. Bungwe limenelo linayamba mu 1967, asodzi 17 atamira ku Stilbaai chaka cham'mbuyo mwake, ndipo nalonso limayendera anthu odzipereka.

Munthu wa kuno sangawerenge zonsezi osaganiza za Vipya. Pa 30 Julaye 1946 sitimayo inagubuduzika ndi mphepo chakufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Chiwerengero chimenecho n'choposa kakhumi cha amene anafa pa Rhône. Ngozi ya Rhône inabala bungwe. Ya Vipya inatsatidwa ndi sitima ina, Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Sitimayo inafunikadi ndipo yatumikira, koma m'midzi ya m'mbali mwa nyanja simunabadwe gulu lokhazikika lopulumutsa anthu. Nthawi ya atsamunda, mwina tinganene kuti amene anali ndi mphamvu sanaone chifukwa. Kuyambira 1964 chifukwa chimenecho chinatha ntchito. Chaka chilichonse mwera ukayamba, a zanyengo amachenjeza pa wailesi, kenako timamva za alovi amene sanabwerere ndi za boti lodzaza anthu ndi katundu limene latembenuzika. Apolisi a panyanja ndi asilikali a pamadzi alipo ndipo amayesetsa, koma nyanja yotalika makilomita oposa 560 simungailondere kuchokera ku Monkey Bay ndi madoko ena ochepa.

Wina anena kuti ndikuyerekeza zosayerekezeka. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kuposa Léman ka 50. Msodzi wa usipa amene injini yamuthera pakati pa nyanja usiku sangaonedwe ndi munthu ali kumtunda. Ndi zoona, ndipo pa ngozi zotero pamafunika zombo zazikulu ndi ndege, zomwe ndi za boma. Koma ngozi zambiri zopha anthu ochuluka zimachitikira pafupi ndi gombe, ponyamuka kapena pokocheza, pamene mafunde akusweka ndipo anthu akuunjikana mbali imodzi. MV Nyerere inatembenuzika pa nyanja ya Victoria mu Seputembala 2018 itatsala pang'ono kukocheza pa chilumba cha Ukara, anthu oposa 200 n'kufa. Mu Novembala 2022 ndege ya Precision Air inagwera m'nyanja yomweyo pafupi ndi bwalo la ndege la Bukoba. Anafa anthu 19, anapulumuka 24, ndipo oyamba kufika anali asodzi ndi mabwato awo. Ndiye kuti opulumutsa tili nawo kale. Akusowa maphunziro, zida zochepa, nambala ya foni imodzi yodziwika ndi aliyense, ndi dongosolo loti aliyense adziwe chochita. Tilinso ndi mwayi umene a ku Léman alibe: madzi athu ndi ofunda, saterera pansi pa madigiri 20 pamwamba pake. Munthu wovala jekete loyandamitsa angathe kudikira maola ambiri ali moyo, ngati pali wina amene akubwera.

Nanga umphawi? Amati Mmalawi sangagwire ntchito yaulere chifukwa m'mimba muli zii. Amene amanena zimenezi sanakhalepo pamaliro a kumudzi. Uthenga ukangomveka, adzukulu amakhala atanyamula makasu kusanache. Ali ndi mtsogoleri wawo, malamulo awo, chilango cha wojomba, ndipo palibe bungwe lakunja linawaphunzitsa kapena kuwalipira alawansi. Mudzi umawapatsa nsima ndi ulemu, ndipo aliyense amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dongosolo lotere lakhala zaka mazana popanda galimoto ya pulojekiti. Luso loyendetsa gulu la odzipereka tili nalo, kungoti tinaliika pa ntchito ya pambuyo pa imfa. Kunyanja komweko ziliponso zitsanzo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka ndi kutsegula nyengo ya usodzi kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Makomiti a m'madoko, ma BVC, amadziwika m'malamulo a za usodzi. Pomangira palipo.

Chimene ndikuopa ndi njira imene tinazolowera. Ngozi ikachitika, wopereka thandizo amabweretsa boti la injini ziwiri zikuluzikulu, nduna imadula riboni, atolankhani amajambula. Boti lija limamwa mafuta amene doko lonse silingakwanitse, sipeya wake sapezeka ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, ndipo kiyi amasunga bwana amene amakhala kuboma. A ku Léman anachita mosiyana: anayamba ndi anthu, anagwiritsa ntchito mtundu wa maboti amene ankawadziwa kale, injini zinabwera pamene magulu anali atalimba moti n'kutha kuzisamalira. Kwa ife zikutanthauza boti lamatabwa lomwe amisiri a pa doko amakhoma okha, ndi injini ya mtundu umene asodzi a chilimira amagwiritsa ntchito, yoti makaniko wa pamsika angaitsegule. Sizikongola pa chithunzi, ndipo mwina n'chifukwa chake sizikopa opereka thandizo.

Nkhani ya malire nayo tisaizembe. Nyanja yathu ili pakati pa mayiko atatu, ndipo mkangano wa Malawi ndi Tanzania, wochokera pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, sunathe. Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Msodzi wa ku Likoma mphepo ikamukankha amakatsakamira ku Cóbuè, wa ku Mbamba Bay ku Tanzania angapezeke ku Nkhata Bay. A ku Léman sanadikire kuti maboma a Switzerland ndi France asainirane kanthu asanayambe kuvuulana. Komiti ya pa doko la Likoma ndi ya ku Cóbuè zingathe kupatsana manambala a foni mawa lomwe, akazembe n'kumapitiriza zokambirana zawo.

Vuto lenileni limene lingagwetse gulu lotere kuno ndi mafuta. Mwini boti amene watuluka kukafuna anzake usiku wonse amawotcha malita amene akanaphera usipa, ndipo akachita kawiri osabwezeredwa, kachitatu foni yake imakhala yozima. Apa ndi pamene khonsolo ya boma iyenera kulowererapo, chifukwa imatolera kale ndalama m'misika ya nsomba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Pakhale chigubu cha malita 20 chomata bwino, chosungidwa ndi msungichuma wa komiti ya pa doko, chotsegulidwa pamaso pa mboni ziwiri, n'kudzazidwanso ndi khonsolo mlungu womwewo akaonetsa buku lolembamo tsiku, ola ndi mayina a amene anatuluka. Pambali pake pakhale thumba laling'ono la mamembala, longa lija la mu 1885, loti wovulala pa ntchitoyi apite nalo kuchipatala ndipo banja lake lisagone ndi njala. Eni malo ogona alendo a ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Chintheche, amene alendo awo amasambira ndi kukwera maboti m'madzi omwewo, agule majekete ndi zingwe za doko limene ayandikana nalo.